Fumbi la Pamsewu ndi Utsi wa Padzala: Momwe Tingatetezere Ana ku Mtovu

Kuyambira mwezi wa June mpaka mvula yoyamba itagwa, ife a ku Dedza timakhala m'fumbi. Mwera ukamaomba, fumbi limalowera ndi pansi pa chitseko pomwe, ndipo ikafika October akamvulumvulu amanyamula phulusa ndi dothi la pamsika n'kukalimwaza m'makomo. Ambiri timaliona ngati vuto la chimfine ndi maso ofiira basi. Koma fumbi la paboma, la pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Lizulu, kapena la pachipata cha malire pomwe mathiraki amandandalika, si dothi lokhalokha ngati la kumunda. Muli tizidutswa ta zitsulo tosaoneka ndi maso, toperepeseka ku mabuleki ndi matayala, tochokera mu oyilo wakutha, mu penti wakale, m'mabatire ophwanyidwa ndi mu utsi wa zinyalala.

Zina mwa zitsulozi ndi poizoni weniweni: mtovu, cadmium, arsenic ndi mercury. Siziwola, ndipo moto suzithetsa, umangozisandutsa utsi ndi phulusa. Choopsa kwambiri kwa ana ndi mtovu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wabwinobwino, ndiponso kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Umaononga ubongo umene ukukula, ndipo zimene waononga sizibwerera mwakale. Mu 2020 bungwe la UNICEF linalengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana pafupifupi 800 miliyoni, ali ndi mtovu wochuluka m'magazi. Ambiri mwa iwo saoneka odwala. Amangovutika kumva zinthu m'kalasi, ife n'kumati ndi aulesi.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mwana amapuma fumbi, inde, koma lochuluka amachita kudya. Amakwawa pansi, amayamwa zala, amatola chitumbuwa chimene chagwa. Tikatseka njira ya fumbi yochokera pansi kukafika kukamwa kwa mwana, tachita gawo lalikulu la ntchito.

Choyamba: zungulirani pakhomo, mudziwe komwe fumbi lanu likuchokera

Imani pakhonde madzulo mphepo ikuomba, muone komwe ikuchokera ndi zimene ikudutsa isanafike kwa inu. Kodi pali galaja, malo owotcherera zitsulo, wokonza mabatire, wosungunula zitsulo zopangira mapoto, wogula zitsulo zakutha, kapena dzala limene limafuka utsi? Kodi nyumba ili m'mphepete mwa M1, makamaka pamalo pomwe galimoto zimamanga mabuleki kawirikawiri, monga pasiteji, pa mahampu kapena potsetsereka? Funsaninso agogo amene anakhalitsa pamalopo kuti poloti yanuyo kale panali chiyani. Malo amene panali galaja zaka 20 zapitazo akhoza kukhala ndi mtovu mpaka lero.

Izi sizongoopseza. Mayiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anasiya kugulitsa petulo wothira mtovu pofika chaka cha 2006, ndipo dziko lomaliza padziko lonse, Algeria, linasiya mu 2021. Koma mtovu umene unatuluka ndi utsi wa galimoto zaka zonse zija unakatera m'dothi la m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndipo umadzukanso ndi fumbi chilimwe chilichonse. Kwa anansi athu ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha dothi ndi fumbi lomwelo.

Chachiwiri: batire lakutha lichoke pakhomo lisanang'ambidwe

Pano ndikhalitsapo, chifukwa pa zonse zimene zili m'makomo mwathu, ichi ndiye chachikulu. Kubwera kwa sola kwatithandiza zedi: ana akuwerenga usiku, mafoni akutchajidwa pakhomo, bizinesi yometa ikuyenda ngakhale kumudzi. Koma sola zambiri zimayendera batire la mtovu, lofanana ndi la galimoto, ndipo kulemera kwake kuja, kuposa theka ndi mtovu. Likakhala lotseka bwino silivuta. Vuto limayamba likafa.

Batire lakufa musalisandutse mpando wa kukhitchini, chotsekera chitseko kapena chopsinjira malata padenga. Dzuwa likaomba pulasitiki imang'aluka, asidi amatayikira pansi, ndipo zam'kati zikauma zimasanduka ufa wotuwa umene mwana angautole ndi chala. Musalitsegule kuti mutaye asidi pabwalo. Musalole munthu kuliswa ndi chikwanje pakhomo panu, kapena kusungunula mtovu pa mbaula kuti apange timiyala tomizira ukonde kapena zomatira ziwiya. Mtovu ukasungunuka umatulutsa nthunzi imene imapumika, kenaka imatera pansi, pa zovala ndi pa mbale.

Ku Senegal, m'dera la Thiaroye-sur-Mer pafupi ndi mzinda wa Dakar, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008. Anthu kumeneko ankaswa mabatire akale, ndipo amayi ankasefa dothi la pamalopo kuti apeze tizidutswa ta mtovu tokagulitsa, ena ali ndi ana kumbuyo, ena akusefera m'nyumba momwe. Sanali anthu osasamala. Ankafuna ndalama ya ndiwo monga tonsefe, koma panalibe amene anawauza.

Chochita n'chakuti batire likafa, liikeni choimirira pamalo ouma, okhoma, pomwe mwana safika, pansi pake muyale pulasitiki yolimba. Mukamakagula latsopano, nyamulani lakalelo lili lathunthu, mufunse ngati wogulitsayo amalandira akale, poti ena amalandira chifukwa mtovuwo uli ndi mtengo. Mukaligwira, sambani m'manja ndi sopo. Ngati asidi kapena ufa wake unatayikira pansi, nyowetsani malowo, palani dothi la pamwamba ndi fosholo, muliike m'thumba lolimba, ndipo pamalopo muthirepo dothi lina lochokera kutali.

Mabatire ang'onoang'ono a tochi ndi wailesi nawonso asasiyidwe pabwalo. Ana amakonda kuwaswa ndi mwala kuti atenge kamtengo kakuda ka pakati, ndipo ena amagwiritsa ntchito ufa wakudawo kudetsera bolodi kapena pansi m'nyumba. Ufawo uli ndi manganese, chitsulo chimene chikachuluka m'thupi chimaononga mitsempha ya ubongo. Asonkhanitseni m'chigubu chotseka.

Chachitatu: samalani zimene mukuponya pamoto

Kuno kumazizira, ndipo m'miyezi ya June ndi July moto ndi bwenzi. Makala akakwera mtengo, munthu amasonkhezera chilichonse chimene chingayake. Koma pali zinthu zimene siziyenera kufika pamoto ngakhale zinthu zitavuta bwanji. Matabwa opakidwa penti, monga zitseko ndi mafelemu akale, amatha kutulutsa mtovu. Mapolo ndi matabwa othiridwa mankhwala oteteza chiswe, aja amaoneka obiriwira pang'ono, nthawi zambiri amakhala ndi arsenic ndi chromium, ndipo phulusa lake ndi loopsa kuposa utsi wake. Matayala, mawaya amagetsi, mafoni ndi mawailesi akufa, zonsezi zisawotchedwe. Anyamata amene amawotcha mawaya kuti atulutse kopa wokagulitsa amapuma utsi woipa kwambiri, chonsecho kusenda wayayo ndi mpeni kumatulutsa kopa yemweyo, woyera bwino. Ndipo nyama ya mbuzi kapena nkhumba yowaulidwa ndi tayala, musagule.

Amayi, chidulo chophikira therere chichokere ku phulusa limene mukulidziwa gwero lake, la zitsononkho, mapesi kapena makoko a nyemba, osati la padzala kapena la matabwa a penti. Phulusa lokayikitsa lisathiridwe m'dimba, lisatsukire mapoto, lisasambidwe m'manja m'malo mwa sopo.

Mababu aataliatali aja ndi ena opindikapindika osatha magetsi ali ndi mercury m'kati. Likasweka m'nyumba, tulutsani ana, tsegulani mawindo kwa kanthawi, kenaka mutole magalasiwo ndi katoni ndi kansanza konyowa. Fodya nayenso ali m'gulu lomweli: chomera chake chimakoka cadmium m'nthaka, ndipo utsi wake umamufikitsa m'mapapo mpaka ku impso. Wosuta akasutire panja, kutali ndi ana.

Chachinayi: sinthani kasesedwe

Tsache louma silichotsa fumbi losalala, limangoliulutsa. Zinyalala zazikulu zimatuluka, koma tinthu tating'onoting'ono, timene ndi toopsa kwenikweni, timayandama m'mwamba kenaka n'kuteranso pa mphasa, pa ndowa ya madzi ndi pa mbale. Tina ndi tochepa kuwirikiza ka 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo.

Choncho yambani ndi madzi. Pabwalo ndi m'nyumba yozira, wazani madzi kaye, dikirani alowe pang'ono, kenaka sesani modekha ana ali kutali. M'nyumba ya simenti, kolopani m'malo mosesa, ndipo mukhale ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira chikolopa, kuti musabwezere litsiro pansi. Pukutani ndi nsalu yonyowa m'mawindo, patebulo ndi pamwamba pa kabati. Madzi akudawo akatayidwe kuchimbudzi, osati pomwe ana amasewera kapena pa ndiwo zamasamba. Ndikudziwa kuti m'chilimwe pamjigo pamakhala mzere wautali, koma madzi otsukuluzira zovala ndi okwanira ntchito imeneyi. Oyilo wakutha yekha musathire pabwalo pofuna kugoneka fumbi, chifukwa kutero n'kuwonjezera zitsulo zomwe tikuzithawazo.

Dothi lozirira likatengedwe kudambo kapena kutali ndi msewu ndi magalaja. Nsapato zitsale pakhomo. Mawindo oyang'ana kumsewu atsekedwe nthawi imene galimoto zachuluka, mutsegule a kuseri. Koma ngati mbaula ili m'nyumba, mpweya uzilowa ndithu, chifukwa utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha usiku umodzi wokha. Pabwalo pamene pali mbee, dzalani kapinga, ndipo kumbali ya msewu kukhale mpanda wa maluwa kapena mitengo yothithikana.

Chachisanu: manja a mwana ndi mimba yake

Mwana wokwawa akhale pa mphasa kapena chitenje chochapa, osati padothi la m'mbali mwa msewu. Amayi amene mumagulitsa tomato, kabichi ndi kachewere pamsewu muli ndi khanda, izi zikukhudzani kwambiri: mwana akhale kuseri kwa benchi, kumbali yotalikirana ndi phula, pa choyala chake. M'sambitseni m'manja ndi sopo asanadye, asanagone ndiponso akachoka kosewera. Mpondagiya pafupi ndi khomo amathandiza kuti zisaiwalike. Muwengereni zikhadabo, muzitsuka zidole zake, ndipo musamupatse makiyi, mabawuti kapena batire kuti atonthole.

Mimba yopanda kanthu imayamwa mtovu wambiri, ndipo thupi limene likusowa ayironi ndi calcium limaukoka mtovuwo m'malo mwake. Ndiye phala la m'mawa mwana asanapite kosewera kapena kusukulu ndi chitetezo ndithu. Usipa, matemba ndi bonya wodyera limodzi ndi minga yake, nyemba, soya, nsinjiro, mazira, bonongwe, chisoso ndi nkhwani, zonsezi zimathandiza. Malambe, magwafa, malalanje ndi tomato zimathandiza thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'ndiwo. Chakudya sichichotsa mtovu umene walowa kale, koma chimachepetsa wolowa.

Chachisanu ndi chimodzi: ufa, ndiwo ndi madzi

Ufa woyera timauyanika pa mphasa tsiku lonse, ndipo chilichonse chimene mphepo yanyamula chimatera pomwepo, n'kukalowa mu nsima ya banja lonse kwa mwezi wathunthu. Yanikani kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu ndi utsi, pa thandala lokwera ngati n'kotheka. Chimodzimodzi mfutso, mphale ndi makaka.

Ndiwo zogula pamsewu zitsukidwe bwino ndi madzi oyera musanadule. Kabichi m'chotseni masamba akunja, kachewere ndi karoti zisendedwe. Mandasi, tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya, gulani kwa amene amavundikira. Nkhwani wa padzala amakula mosangalatsa, koma ngati padzalapo pamatayidwa mabatire ndi phulusa la zinyalala zosakanikirana, musadzalepo ndiwo. Manyowa a zinyalala zowola akhale ndi dzenje lakelake.

Madzi a mvula yoyamba ochokera padenga asamwedwe, chifukwa amatsuka fumbi la chilimwe chonse. Dziwaninso kuti kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo, koma sikuchotsa zitsulo. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira nthawi zonse.

Chachisanu ndi chiwiri: fumbi la kuntchito lithere kuntchito

Abambo amakaniko, owotcherera, okonza maredieta, opaka penti ndi otola zitsulo, ana anu akhoza kudwala ndi ntchito imene sanaifikepo. Fumbi limabwera ndi ovolosi, nsapato, tsitsi ndi chipewa, ndipo mwana akakuthamangirani kudzakulandirani limathera pa iye. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana oposa 400 anamwalira mu 2010 chifukwa miyala ya golide imene inali ndi mtovu inkaperedwa m'midzi, m'mabwalo a nyumba momwe ana ankasewera.

Khalani ndi zovala za ntchito zosiyana ndi zopita nazo kunyumba. Vulani ndi kusamba musananyamule mwana. Ovolosi ichapidwe payokha, m'beseni lakelake, ndipo isakutumulidwe pakhomo. Musadye kapena kusuta ndi manja akuda, ndipo kusamba m'manja ndi petulo sikulowa m'malo mwa sopo. Wotchererani pamalo podutsa mphepo, utsi uzipita kutsogolo osati kumaso. Kansalu komanga pamphuno kamatchinga fumbi lalikulu lokha. Chotchinga choyenera ndi chija cholembedwa N95 kapena FFP2, chogwira bwino kumaso.

Pali chikhulupiriro choti ukamwa mkaka poweruka, watsuka utsi wonse m'chifuwa. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani, koma umapita m'mimba osati m'mapapo, ndipo suchotsa chitsulo chimene chalowa m'magazi. Mabwana amene amapereka paketi ya mkaka m'malo mwa zodzitetezera akuwalakwira anyamata awo.

Chachisanu ndi chitatu: penti

Penti wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa olenji, ndiye amene kawirikawiri amapezeka ndi mtovu. Mlingo umene bungwe la WHO ndi la UNEP, loona za chilengedwe padziko lonse, amalimbikitsa ndi wosapitirira 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti. Pogula, funsani penti wopanda mtovu, onani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo m'kati mwa nyumba, m'sukulu za mkaka ndi pa mabedi a ana, sankhani penti wa madzi. Penti wakale amene akusupuka asapalidwe ali wouma kapena kuwotchedwa ndi moto. M'nyowetseni, yalani pulasitiki pansi, ana ndi amayi oyembekezera achoke, ndipo mukolope bwinobwino asanabwerere.

Chachisanu ndi chinayi: amayi oyembekezera

Mtovu umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo nthawi ya pakati umatuluka pamodzi ndi calcium n'kukafika kwa mwana m'mimba. Ungachititse kupita padera, kubadwa masiku asanakwane kapena kubadwa wochepa thupi. Mayi woyembekezera asachape ovolosi ya kugalaja, asasese fumbi louma, asakhale pafupi ndi utsi wa padzala. Nkhani ya kudya dothi ndiyofunika kuikamba mosachititsana manyazi, chifukwa chilakolako chake ndi chenicheni, ndipo nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Dothi logula pamsika kapena lotengedwa pachiswe cha pakhoma likhoza kukhala ndi mtovu kapena arsenic, ndipo kulikazinga sikusintha kanthu. Nenani kusikelo kuti mukulakalaka dothi, akuyezeni magazi, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amene amapereka aja muzimwa mpaka kumapeto.

Chakhumi: nthawi yopita kuchipatala

Zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda ena: kupweteka m'mimba kobwerezabwereza, kudzimbidwa, kusowa chilakolako cha chakudya, kuchepa magazi kosamva mankhwala, kufooka, kukwiyakwiya, kuchedwa kuyankhula, kapena kubwerera m'mbuyo pa zimene mwana anayamba kale kuchita. Kwa akuluakulu, BP yokwera, mutu, kufooka kwa dzanja, dzanzi, vuto la impso ndi kuvutika kubereka. Mwana akayamba kusanza kosalekeza, kudzandira, kugona mosadzutsika kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Dokotala sangalote kuti kuseri kwa nyumba yanu kumaswedwa mabatire. Muuzeni momveka: "Adokotala, bambo ake amakonza mabatire pakhomo, ndipo mwanayu amasewera pomwepo." Pemphani kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Njira yokhayo yotsimikizira ndi kuyeza magazi, ndipo malangizo a WHO a 2021 amati mtovu ukafika 5 µg/dL, umene ndi muyezo wa kuchuluka kwake m'magazi, gwero lake lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Mankhwala okoka mtovu m'thupi alipo, koma ndi a odwala kwambiri, operekedwa ndi madokotala okha. Zakumwa zimene amatsatsa pa WhatsApp kuti zimatsuka m'thupi sizichotsa mtovu. Ana ena onse a pakhomopo aonedwenso.

Pomaliza: zimene khomo limodzi silingathe palokha

Utsi wa mnansi sungautseke ndi mpanda, koma kumufikira mwaukali sikuthandiza, chifukwa ntchitoyo ndi imene ikudyetsa ana ake. Mupezeni pa nthawi yabwino: "Achimwene, ndabwera ndi pempho. Utsi wa mabatirewu ukulowa m'nyumba momwe muli khanda, ndipo ana anu omwe akuupuma. Kodi sitingapeze malo ena kutali ndi nyumba?" Zikakanika, pitani kwa amfumu kapena kwa mkulu wa mabuloko, mutengane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene angafikitse nkhaniyo ku ofesi ya zaumoyo ndi ya zachilengedwe kukhonsolo. Dziko lino lili ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira nkhani za kuonongeka kwa mpweya, madzi ndi nthaka, ndipo dandaulo lolembedwa, losainidwa ndi makomo angapo, limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Kukomiti ya msika, pemphani kuti zinyalala zisawotchedwe nthawi ya malonda, ndipo ogulitsa zakudya akhale kutali ndi owotcherera ndi okonza njinga zamoto. Kukomiti ya sukulu, kambani za kusesa kwa m'mawa, poti ana amasesa makalasi ndi bwalo louma kenaka n'kukhala m'fumbi lomwelo akulandira phala. Ndowa zingapo za madzi owaza asanayambe kusesa, dzenje la zinyalala likumbidwe kumbali imene mphepo imalowera osati kumene imachokera, ndipo phala ligawidwe ana atasamba m'manja.